KUPHIKA NSOMBA MU UVUNI: NDIWO ZAMSANGA ZA BANJA

Mayi amene watha tsiku lonse kumunda, kapena pa mzere wa sikelo kuchipatala, amafika pakhomo dzuwa litapendeka, thupi litalema, ana akudandaula njala. Nthawi yotere ndi imene mabanja ambiri amadya ndiwo zogona zosatenthetsa, kapena nsomba yongowaula pamoto, yopserera kunja koma m'kati muli magazi. Kukacha mwana wayamba kutsegula m'mimba, ndipo ulendo wa kuchipatala wayambanso. M'phunziro la mwezi uno tiona kaphikidwe ka nsomba kamene kali kachangu ndiponso kaukhondo. Kaphikidweka nkofala m'maiko a ku Ulaya ndi ku America, kumene amaphika nsomba yotchedwa salmon mu uvuni. Tiyamba taona m'mene iwo amachitira tisanafike pa mbaula yathu.

Nsomba ya salmon

Salmon ndi nsomba ya m'madzi ozizira a kumpoto kwa dziko lapansi. Imabadwira mumtsinje, ikakulako imatsikira ku nyanja ya mchere, ndipo pakapita chaka kapena zaka zingapo imabwerera kukaikira mazira mumtsinje womwewo umene inabadwira. Kale inkangogwidwa m'mitsinje ndi m'nyanja, koma cha m'ma 1970 anthu a ku Norway anayamba kuiweta m'makola a ukonde oyandama pa nyanja. Lero dziko la Norway ndilo limaweta salmon yambiri koposa, lotsatira ndi Chile, ndipo ku Scotland nakonso amaweta yochuluka.

Pa magalamu 100 a mnofu wake, magalamu pafupifupi 20 ndi chakudya chokulitsa thupi. Mulinso vitamini D wolimbitsa mafupa, ndi mafuta otchedwa omega-3 amene amathandiza mtima wa munthu wamkulu ndi kakulidwe ka ubongo ndi maso a mwana.

Khalidwe la nsombayi si lachilendo kwenikweni kwa ife. Mpasa wa m'nyanja ya Malawi naye amakwera mitsinje monga Bua, Linthipe ndi North Rukuru kukaswana, ndipo nchifukwa chake Azungu anamupatsa dzina la salmon, ngakhale kuti nsomba ziwirizi si zapachibale. Mpasa wachepa masiku ano chifukwa chomutchinga m'mitsinje asanaikire mazira, ndiponso chifukwa cha dothi lokokoloka limene limakwirira malo ake oswanirana. Komabe zonse zimene tinene pano zingathe kuchitika ndi chambo, kampango kapena mlamba.

M'mene amaphikira mu uvuni

Wophika amayamba watenthetsa uvuni kufika madigiri 200. Kenaka amapaka mafuta pang'ono m'chiwaya, naikamo nthuli za nsomba, khungu lili pansi, nthuli imodzi ya munthu mmodzi. Pamwamba amawaza mchere ndi kufinyirapo ndimu. Pakapita mphindi 12 mpaka 15 nsomba yapsa. Ophika ena amawerengera motere: mphindi 10 pa nthuli yochindikala masentimita awiri ndi theka, ndipo yochindikala kuposa apo imafuna nthawi yoonjezera. Pamene nsomba ili mu uvuni wophika amakhala akukonza mbatata ndi masamba, kotero kuti pa theka la ola banja lakhala kale pa chakudya.

Nanga nchifukwa ninji nsomba imapsa msanga chotere, pamene nyemba kapena nyama ya mbuzi zimatha mtolo wa nkhuni? Mnofu wa nsomba ulibe mitsempha yolimba yonga ya nyama ya m'khola, choncho kutentha sikuchedwa kuufewetsa. Ndipo mu uvuni kutentha kumazungulira nthuli yonse, pansi, pamwamba ndi m'mbali. Powamba pa moto wa malawi, mbali imodzi imapserera inayo isanafunde nkomwe.

Kodi yapsa?

Apa ndi pamene pagona phunziro lathu. Nsomba yosapsa bwino ingathe kukhala ndi tizilombo toyambitsa matenda a m'mimba, ndiponso njoka zina zimene zimakhala mumnofu wa nsomba ndi kudzakhazikika m'matumbo a munthu. Akatswiri a zakudya ku America amalangiza kuti pakati penipeni pa nthuli patenthe kufika madigiri 63. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limatchula madigiri 70 pa zakudya zophika. Pamudzi tilibe chida choyezera kutenthaku, koma maso tili nawo. Tengani mpeni woyera, mubaye pamene nthuli yachindikala koposa, ndipo muyang'ane m'kati. Mnofu wakupsa sunyezimira ngati galasi, umayoyoka wokha m'zigawo zake, ndipo umakanganuka ku fupa la msana popanda kuukoka. Mukaona madzi ofiira pafupi ndi fupalo, bwezerani nsombayo pamoto.

Salmon imasokoneza anthu osaizolowera chifukwa mnofu wake umakhalabe wofiirira ngakhale itapsa. Mtunduwo umachokera ku zakudya zake, si magazi ayi. Ikapsa kwambiri imatulutsa zoyera zonga dzira lophika. Zimenezo nzosaopsa, zingosonyeza kuti moto unachuluka.

Dziwani kuti ndimu, mchere ndi tsabola zimakometsa nsomba koma siziphika. Nzoona kuti m'maiko ena anthu amadya nsomba yaiwisi, koma yotere imayenera kuyamba yaumitsidwa m'chisanu cha madigiri 20 pansi pa ziro kwa masiku 7 kuti njoka zife. Ife amene tilibe zipangizo zotere tisayerekeze.

Kwa amene alibe uvuni

Mwina wina akuti, "Zimenezi nza anthu a m'tauni." Iyayi. Mayi aliyense amene anaphikapo chigumu, makala ali pansi pa mphika ena ali pa chivundikiro, ali nawo kale uvuni.

Tengani mphika waukulu wachitsulo, muthiremo mchenga wouma ndi woyera wokwanira kuphimba pansi pake, muvundikire, ndipo muuike pa mbaula kwa mphindi 10 kuti utenthe. Pamene ukutentha, palani mamba, tumbulani nsomba, chotsani matumbo onse ndi magazi a m'mbali mwa msana, ndipo itsukeni. Ichekeni mizere iwiri kapena itatu mbali zonse kuti kutentha kulowe. M'mimba mwake ikanimo anyezi, matimati ndi mchere pang'ono. Tsopano waulani tsamba la nthochi pamoto kuti lifewe, mukulungemo nsombayo, muiike m'mbale yachitsulo, mbaleyo muikhazike pamchenga. Vundikirani ndi kuika makala a moto pa chivundikiro. Chambo chapakatikati chimafuna mphindi 25 kapena 30, nthawi yokwanira kuthyakula nsima ndi kuphika nkhwani. Musamavundukule pafupipafupi, pakuti kutentha kumathawa. Tsamba limasunga msuzi wa nsomba, kotero mafuta ophikira, amene akwera mtengo chotere, safunika kupitirira supuni yaing'ono imodzi.

Musakulunge nsomba m'pepala la pulasitiki kapena m'nyuzipepala. Ndiponso mbaula ikhale panja kapena m'khitchini molowa mphepo. Makala amatulutsa mpweya wopanda fungo umene umapha anthu m'nyumba yotseka.

Pogula ndi pokonza

Moto suchiritsa nsomba yovunda. Pali ululu wina umene umapangika nsomba ikayamba kuonongeka, ndipo sutha ngakhale mutaiphika nthawi yaitali. Nsomba yabwino ili ndi maso owala ndi otukuka, makha ofiira, mamba ogwira, ndipo mukaidinikiza ndi chala mnofu umabwerera m'malo. Ya maso olowa, mimba yotupa kapena yophulika, ndi fungo lakuthwa, isiyeni ngakhale atakutsitsirani mtengo. Poyendera misika ndaonapo ogulitsa ena akuwaza madzi kawirikawiri pa nsomba za dzulo kuti zinyezimire ngati zangovuuka kumene. Madzi amanyenga pakhungu pokha. Kanulani makha muone. Nsomba yogula youma ndi chisanu musaisungunule padzuwa. Iikeni m'thumba lomanga bwino, mulimize m'madzi ozizira, ndipo ikafewa iphikeni nthawi yomweyo.

Anthu ambiri amadwala ngakhale nsomba itapsa bwino, chifukwa cha mpeni ndi manja. Mayi amatumbula nsomba, ndipo ndi mpeni womwewo amadulira mwana papaya. Ena amabwezera nsomba yophika m'mbale imene munali yaiwisi. Tsukani mpeni, mbale ndi manja ndi sopo mukangotha kutumbula, ndipo matumbo muwakwirire kuti asaitane ntchentche. Madzi otsukira akhale a pa mjigo, owiritsa kapena othira kulorini. Tisaiwale kolera ya m'zaka za 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja monga Mangochi ndi Salima anavutika nayo kwambiri. Mu 2015 bungwe la WHO linalengeza kuti chaka chilichonse anthu pafupifupi 420,000 amafa pa dziko lonse ndi matenda ochokera m'zakudya, ndipo mwa iwo 125,000 ndi ana osakwana zaka zisanu.

Gawo la mwana

Kafukufuku wa zaumoyo wa m'zaka za 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi anali opinimbira. Koma m'mabanja ambiri nthuli yaikulu imapita m'mbale ya bambo, ana nkumangonyowetsa nsima mumsuzi. Abambo, thupi lanu linakula kale. La mwana ndilo likumangidwa. Mayi woyembekezera ndi woyamwitsa nawonso alandire gawo lokwanira, pakuti nsomba yakupsa bwino siwaononga.

Mwana akakwana miyezi isanu ndi umodzi angathe kuyamba kudya nsomba, akupitiriza kuyamwa. Sambani m'manja, tengani mnofu, muufinye ndi zala pang'onopang'ono kufuna minga, kenaka muunyenye ndi kusakaniza m'phala lake. Pa mpasa ndi nsomba zina za minga ing'onoing'ono bwerezani kawiri. Ngati munga wam'baya mwana pakhosi, musamukakamize kumeza mbamu ya nsima ndipo musapise chala kukhosi kwake. Akamalephera kumeza, akamatuluka dovu kapena akamavutika kupuma, thamangani naye kuchipatala.

Phikani yokwanira kudya nthawi imodzi. Chakudya chophika chisakhale pa mtetete kupitirira maola awiri, pakuti tizilombo timaswana msanga m'chakudya chofunda, makamaka m'nyengo yotentha. Chotsala chivundikireni, ndipo musanachidye chitenthetseni mpaka chituluke nthunzi m'kati monse. Wina akayamba kutsegula m'mimba kapena kusanza atadya, yambani kumumwetsa Thanzi ORS nthawi yomweyo. Ngati chimbudzi chili chamadzi onga otsukira mpunga, kapena muli magazi, pitirizani kumumwetsa muli pa ulendo wa kuchipatala, ndipo mukawauze achipatala zimene wodwalayo anadya ndi amene anadya naye.