Mawailesi Odumphadumpha a Asilikali: Mafunso ndi Mayankho

Kodi spread spectrum n'chiyani?

Ndi njira yotumizira uthenga poumwaza pa mafunde ambiri m'malo moupanikiza pa tchanelo chimodzi. Wailesi ya FM, monga Mzimba Community Radio, imakhazikika pa nambala imodzi kuti aliyense aipeze mosavuta. Asilikali safuna zimenezi, chifukwa mdani akadziwa tchanelocho amamvetsera, amalondola pomwe pali wolankhulayo, kapenanso kuthirapo phokoso lamphamvu kuti mawu asamveke.

Zimatheka bwanji?

Njira zikuluzikulu zilipo ziwiri. Yoyamba ndi yodumpha: wailesi yotumiza ndi yolandira zimasamukira limodzi pa tchanelo china, kenako china, motsatira ndondomeko yachinsinsi. Wailesi ya SINCGARS ya asilikali a ku America ili ndi matchanelo 2,320 pakati pa 30 ndi 88 MHz, ndipo imadumpha pafupifupi ka 100 pa sekondi. Wosokoneza akatseka tchanelo chimodzi amangowononga kachidutswa kochepa ka uthenga.

Njira yachiwiri imasakaniza kachidutswa kalikonse ndi mndandanda wautali wa manambala. Uthengawo umafalikira n'kumamveka ngati phokoso wamba, ndipo okhawo odziwa manambalawo ndi amene amausonkhanitsanso.

Anayambitsa ndani?

Ambiri anaikapo nzeru, koma odziwika kwambiri ndi Hedy Lamarr, katswiri wa mafilimu, ndi George Antheil, wopeka nyimbo. Mu 1942 analandira chiphaso cha umwini wa njira yowongolera mabomba a m'madzi podumpha matchanelo 88.

Nanga ku Mzimba luso limeneli likupezeka?

Lili m'matumba mwa anthu. Foni ikalumikizidwa ndi sipika kudzera pa Bluetooth pamsika wa Jenda, zipangizo ziwirizo zimatha kudumpha matchanelo 79, ka 1,600 pa sekondi. Netiweki ya 3G ya TNM ndi Airtel imatsata njira yachiwiri ija, chimodzimodzinso GPS yoyezera minda, imene inapangidwira asilikali poyamba.

Kodi luso limeneli lili ndi zofooka?

Zilipo. Nthawi ya mawailesi awiriwo ikasiyana, amaphonyana podumpha ndipo samvananso. Kumwaza mafunde sikugonjetsanso mapiri: m'zigwa za ku Viphya mafunde a VHF, monga a SINCGARS, amatchingidwabe, choncho pamafunika wailesi yolandizira pamalo okwera. Komanso mdani wa zida zamphamvu atha kuutolera uthengawo, n'chifukwa chake asilikali amabisanso mawu enieniwo ndi makiyi achinsinsi asanawatumize.