Phunziro 12: Chikalata cha Mbiri Yanu

TIYENI TIWERENGE

Ku Itepela, m'boma la Ngauma, kuli mtsikana wina wa zaka 17. Bambo ake anamwalira kale. Iye amakhala ndi amai ake ndi ang'ono ake atatu. Chaka chatha anatsiriza kalasi 9, koma ndalama zopitirizira sukulu zinasowa. Chaka chino chimanga sichinachite bwino, ndipo m'nkhokwe mwatsala pang'ono.

Tsiku lina amalume ake anafika pa njinga yamoto kuchokera ku Mandimba. Atamwa madzi anati:

"Mphwanga, ndabwera ndi nkhani. Pa sitolo ina ya mbeu ndi feteleza ku Mandimba akufuna munthu woyeza pa sikelo ndi kulemba zogulitsa. Wofuna ntchitoyo apereke CV lisanafike Lachisanu."

"CV ndi chiyani, amalume?"

"Ndi pepala lonena za iwe: dzina lako, sukulu yako, ndi ntchito zimene umadziwa."

Mtsikanayo anawerama. "Ndilembapo chiyani ine? Chibadwire sindinalembedwepo ntchito."

"Kodi buku la xitique la amai ako ndi anzao amalemba ndani?"

"Ndine, amalume. Chino ndi chaka chachiwiri."

"Ndalama zinasokonezekapo?"

"Ai, ngakhale metikali imodzi."

"Nanga ogula nandolo akabwera, amene amayang'ana sikelo ndi kuwonkhetsa makilogalamu ndani?"

"Ndine ndithu."

"Tsono ukuti ulibe cholemba? Tenga pensulo ndi pepala."

Msuweni wake anali pomwepo. Iye anati, "Iwe, lemba kuti uli ndi zaka 20, ndi kuti unatsiriza kalasi 12. Anthu amatero. Adzadziwa ndani?"

Amalume anapukusa mutu. "Adzadziwa mwini sitolo. Adzafuna kuona chitupa ndi satifiketi. Akapeza bodza limodzi, sadzakhulupirira zina zonse. Munthu wonama pa pepala, ndani angamsungitse ndalama?"

CV NDI CHIYANI?

CV ndi chidule cha mau akuti Curriculum Vitae. Mau amenewa ndi a Chilatini, ndipo atanthauza njira ya moyo wa munthu. Ife m'phunziro lino tizinena kuti chikalata cha mbiri yanu.

Wolemba anthu ntchito sakudziwani. Sadziwa amai anu, sadziwa mudzi wanu. Ofuna ntchito ndi ambiri, ndipo iye alibe nthawi yocheza ndi onse. Amayamba wawerenga mapepala, kenaka amaitana ochepa. Tsono pepala lanu ndilo limakulankhulirani inu musanafike.

Kale munthu ankapeza ganyu mwa kungofika pakhomo ndi kupempha. Masiku ano malo ambiri amafuna pepala. Mseu wa N13 umadutsa ku Cuamba, Mandimba ndi Massangulo mpaka ku Lichinga. Njanji ya Cuamba ndi Lichinga, ya makilomita 262, inakonzedwa ndi kutsegulidwanso mu 2016, ndipo ambiri a inu munaona sitima ikuyambanso kuyenda. M'mbali mwa mseu ndi njanjiyi muli masitolo, zigayo, malo ogulira fodya, thonje ndi soya, ndi mabungwe othandiza alimi. Ambiri mwa awa akafuna wantchito amati, "Bweretsani CV."

Kuno ku Mozambique chikalata chimenechi chimalembedwa m'Chipwitikizi, chifukwa ndicho chilankhulo cha boma ndi cha m'maofesi. Mukaoloka malire pa Chiponde kulowa m'Malawi, kumeneko amachilemba m'Chingerezi. Koma yambani mwaganiza m'chilankhulo chanu. Lembani zonse ndi pensulo m'Chinyanja kapena m'Chiyao, kenaka muzimasulire.

ZIGAWO ZISANU

Chikalata cha wachinyamata chisapitirire tsamba limodzi. Chikhale ndi zigawo zisanu. Phunzirani mitu yake m'Chipwitikizi.

1. Dados pessoais. Apa ndi pa za inu mwini. Lembani dzina lanu lonse monga linalembedwera pa chitupa. Musalembe dzina lakumudzi kapena lamasewera. Lembani tsiku lobadwa, kumene mumakhala, ndi nambala ya foni. Nambala ya foni ya m'manja ku Mozambique ili ndi manambala 9. Iwerengeni kawiri. Nambala imodzi ikalakwika, adzaimbira munthu wina ndipo ntchito idzakupitani. Ngati mulibe foni, lembani ya mbale amene mumaonana naye tsiku ndi tsiku, ndipo mumuuze.

2. Habilitações literárias. Apa ndi pa sukulu. Lembani kalasi yomaliza imene munakhoza, dzina la sukulu, ndi chaka. Kalasi imene munayamba koma simunaitsirize musailembe ngati munakhoza. Ngati munaphunzirapo ntchito yamanja, monga kusoka, ukalipentala kapena kumanga, ilembeni pomwepa.

3. Experiência. Apa ndi pa ntchito zimene munagwirapo. Achinyamata ambiri amasiya malo awa opanda kanthu. Kumeneko ndi kulakwa. Ntchito si ya malipiro a pamwezi yokha. Kusankha ndi kumanga fodya ndi ntchito. Kukonza njinga ndi ntchito. Kugulitsa tomato pamsika ndi kubweza chenji cholondola ndi ntchito. Kulemba buku la xitique, chimene ena amati chipereganyo, ndi ntchito. Pa ntchito iliyonse nenani zinthu zitatu: munachita chiyani, kuti, ndi kwa nthawi yaitali bwanji. Musalembe kuti, "Ndine wolimbikira." Aliyense amatero. Lembani kuti, "Ndinalemba buku la ndalama la gulu la amai 15 kwa zaka 2." Mau otere munthu angathe kuwafufuza.

4. Línguas. Apa ndi pa zilankhulo. Kwathu kuno ana ambiri amakula akulankhula Chiyao, Chinyanja kapena Chimakua, ndipo kusukulu amaphunzira Chipwitikizi. Musapeputse zimenezi. Pa sitolo ya ku Mandimba pamabwera anthu a zilankhulo zonsezi, ndiponso ena ochokera ku Malawi. Wogulitsa wodziwa kulankhula ndi onse ndi wofunika. Pa chilankhulo chilichonse nenani ngati mumangolankhula, kapena mumathanso kuwerenga ndi kulemba.

5. Referências. Apa ndi pa mboni zanu. Sankhani anthu awiri akuluakulu amene amadziwa khalidwe lanu ndi ntchito zanu, monga aphunzitsi, mtsogoleri wa gulu la alimi, shehe kapena katekisiti. Asakhale amai anu kapena bambo anu. Muyambe mwawapempha, musanalembe maina ao ndi manambala ao a foni.

Pomaliza lembani malo ndi tsiku, ndipo musaine.

ZIKALATA ZOPITA PAMODZI NDI CV

Wolemba ntchito amafuna umboni wa zimene mwalemba. Konzani izi nthawi ikadalipo:

Chitupa. Dzina lake ndi Bilhete de Identidade, mwachidule BI. Chimaperekedwa ndi ofesi ya Identificação Civil. Kuti muchipeze muyenera kukhala mutalembetsa kubadwa kwanu ku Registo Civil.

NUIT. Iyi ndi nambala ya msonkho, ndipo ili ndi manambala 9. Imaperekedwa ndi Autoridade Tributária popanda malipiro.

Satifiketi ya sukulu. Mukaipemphe ku sukulu imene munatsirizira. Siituluka tsiku lomwelo, choncho musadikire kuti ntchito iyambe yamveka.

Chikalata cha kalembera wa usilikali. Anyamata ndi atsikana amalembetsa m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale ya chaka chimene akukwanitsa zaka 18. Maofesi ambiri amafunsa chikalata chimenechi. Chisungeni bwino.

Popereka CV musasiye zikalata zenizeni. Perekani zojambulitsa pa makina. Zenizenizo muzingoonetsa, kenaka mubwerere nazo kunyumba. Muzisunge m'pepala la pulasitiki, kutali ndi mvula ndi chiswe.

LAMULO LIKUTI CHIYANI?

Lamulo la maphunziro la chaka cha 2018 likuti mwana aliyense aphunzire kufikira kalasi 9. Tsono ngati simunafike pamenepo, ntchito yanu yoyamba ndi sukulu.

Lamulo la ntchito, la nambala 13 la chaka cha 2023, linayamba kugwira ntchito mu Febuluwale 2024. Likuti msinkhu wolembedwera ntchito ndi zaka 18. Amene wakwanitsa zaka 15 angathe kulembedwa pokhapokha kholo kapena womulera atavomereza. Wosafika zaka 18 asapatsidwe ntchito yoopsa, yoononga thanzi kapena yolemetsa, ndipo maola ake a ntchito akhale ochepa kuposa a munthu wamkulu.

Mwaona tsopano kuipa kwa kunama zaka. Mtsikana wa zaka 17 akalemba kuti ali ndi zaka 20, wadzichotsera yekha chitetezo cha lamulo. Angamsenzetse matumba olemera, angamgwiritse ntchito mpaka usiku, ndipo pokadandaula adzamuonetsa pepala limene analemba yekha.

CHENJERANI

Ntchito sigulidwa. Munthu akati, "Ndipatse ndalama kuti ndikupezere malo," mukaneni. Wina akakutumizirani uthenga pa foni kuti mwapeza ntchito imene simunapemphe, ndipo mutumize ndalama, ameneyo ndi wakuba.

Atsikana, munthu akakuuzani kuti mubwere nokha kunyumba kwake kapena usiku kuti mukambe za ntchito, musapite. Nkhani ya ntchito imakambidwa pa malo a ntchito, dzuwa likuwala. Uzani akuluakulu.

Wina akakulonjezani ntchito kutali, ku Nampula kapena kunja kwa dziko, ndipo akufuna kusunga chitupa chanu, musavomere. Makolo ayambe adziwa dzina la malowo ndi mwini wake.

Ngati mukufuna kuphunzira ntchito yamanja, funsani za bungwe la boma la IFPELAC. Ngati mukufuna kulembetsa dzina lanu ngati wofuna ntchito, funsani za bungwe la INEP. Ku ofesi ya boma ku Massangulo, Mandimba kapena Cuamba angathe kukulozerani njira.

TIBWERERE KU ITEPELA

Mtsikana uja analemba ndi pensulo, nafufuta, nalembanso. M'mawa mwake anapita nalo pepalalo kwa aphunzitsi ake akale. Paja akuluakulu amati safunsa anadya phula. Aphunzitsi anakonza mau atatu a Chipwitikizi, navomera kukhala mboni.

Madzulo amalume analemba kalata yaifupi yonena kuti kholo lavomereza. Amai ake anaphunzira kulemba pa sukulu ya akuluakulu. Anapukuta manja pa chitenje, natenga cholembera, nasaina dzina lao pang'onopang'ono.

"Mwanangu," anatero amaiwo, "zimene walembazo ndi zoona zokhazokha?"

"Inde, amai."

"Pita tsono. Ukakhala kwa amalume ako."

Lachinai anafika ku Mandimba. Analipira ndalama pang'ono kuti amtaipire chikalatacho pa kompyuta. Asanachoke anachiwerenga chonse, napeza kuti wotaipa walakwitsa chaka chobadwa. Anampempha kuti akonze.

Pa sitolo panali achinyamata ena asanu ndi mmodzi. Mwini sitolo anawerenga mapepala onse, nayerekeza ndi zitupa. Mnyamata wina analemba kalasi 12 koma analibe satifiketi, ndipo anabwezedwa. Kenaka anaitana mtsikana uja.

"Chemwali, mwalemba pano kuti mumadziwa sikelo. Tayezani thumba ili."

Anayeza, nanena kulemera kwake.

"Nanga munthu akagula makilogalamu 12 pa mtengo wa 45 kilogalamu imodzi, alipira zingati?"

Anawerengera pa pepala. "Alipira 540, bambo."

Nthawi yomweyo panafika agogo ena ofuna mbeu ya chimanga. Ankalankhula Chiyao chokha. Mtsikanayo anawalonjera mwaulemu, nawafunsa kukula kwa munda wao.

Mwini sitolo anati, "Mubwere Lolemba. Ndiyamba ndakuyesani mwezi umodzi. Matumba akuluakulu azinyamula ena, chifukwa zaka zanu sizinakwane. Malipiro ndi maola a ntchito tidzalemba pa pepala, ndipo mudzaliwerenge musanasaine."

MAU OFUNIKA

chikalata, mbiri, chitupa, satifiketi, mboni, umboni, kusaina, msinkhu, lamulo

Werengani mau awa mokweza. Alembeni m'kope lanu kawiri.

MAFUNSO

1. Chifukwa chiyani mtsikanayo anaganiza kuti alibe cholemba?
2. Tchulani ntchito ziwiri zimene amalume anamkumbutsa.
3. Kodi msuweni anapereka malangizo otani? Akadawatsata, chikadachitika ndi chiyani?
4. Tchulani zigawo zisanu za chikalata cha mbiri.
5. Munthu wa zaka 16 angalembedwe ntchito pokhapokha patachitika chiyani?
6. Chifukwa chiyani sitiyenera kusiya chitupa chenicheni kwa wolemba ntchito?
7. Munthu wagula makilogalamu 8 pa mtengo wa 45 kilogalamu imodzi. Alipira zingati?

ZOCHITA

Khalani awiriawiri. Wina afunse mnzake ntchito zonse zimene wagwirapo kumunda, kumsika ndi kunyumba. Kenaka musinthane.

Tengani pepala loyera. Lembani mitu iyi, ndipo mudzaze:

Dzina lonse: ....................
Tsiku lobadwa: ....................
Kumene ndimakhala: ....................
Kalasi imene ndinakhoza, sukulu ndi chaka: ....................
Ntchito zimene ndagwirapo: ....................
Zilankhulo: ....................
Mboni ziwiri: ....................

Inu makolo amene muli m'kalasi muno, mukachite zimenezi pamodzi ndi mwana wanu kunyumba. Mukaonenso ngati ana anu onse analembetsedwa ku Registo Civil. Sabata yamawa aliyense abwere ndi pepala lake, tidzawerenge pamodzi.