Chilolezo cha utsi chikafulumira: mafunso a anthu a ku Kwacha mu Kitwe

Boma la Zambia likufuna kuti pofika 2031 dzikoli lizikumba matani 3 miliyoni a mkuwa pachaka, pamene zaka zapitazi sanafike ngakhale miliyoni imodzi. Ndiye kuti ng'anjo, mafakitale a asidi, a simenti ndi a laimu achuluka m'chigawo cha Kitwe ndi Ndola, ndipo eni ndalama akudandaula kale kuti zilolezo zimachedwa.

Zilolezozi amapereka ndani?

Bungwe la ZEMA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la zachilengedwe la 2011 kulowa m'malo mwa Environmental Council of Zambia. Mapepala ofunika ndi awiri. Loyamba ndi chivomerezo chomanga, chomwe chimatuluka kampani ikapereka lipoti lofotokoza momwe ntchito yake idzakhudzire anthu, madzi, nthaka ndi mpweya. Lachiwiri ndi chilolezo chotulutsa utsi, motsatira malamulo a 2013, ndipo ndi mmene mumalembedwa malire a zimene chumuni ingalavule.

Kodi kufulumizitsa n'kulakwa?

Ayi. Fayilo ikagona pa desiki kudikira siginecha, palibe mapapo a mwana amene atetezeka, ndipo mnyamata wofuna ntchito akungoyendabe mumsewu. Kuchedwa koteroko kuthe, ngakhale mawa. Mankhwala ake ndi kulemba akatswiri okwanira ku ZEMA, osati kudumpha masitepe.

Nanga chomwe sichingafulumire n'chiyani?

Kuyeza mpweya fakitale isanabwere. Mphepo ya m'chilimwe si ya m'dzinja. Mu June ndi July, m'mawa kukazizira, mpweya wozizira umakhala pansi ndipo utsi sukwera, umangoyandama pamwamba pa madenga. Mvula ikayamba, fumbi limagona ndipo manambala amaoneka abwino. Katswiri woyeza masabata awiri mu February angalembe lipoti lokongola, losanama ngakhale liwu limodzi, koma losathandiza munthu mu August. Ndipo popanda manambala a poyamba, tsiku lomwe ana adzayambe kutsokomola kampani idzati fumbi linalipo kale, ndipo simudzakhala ndi choitsutsira.

Bwanji osayamba kumanga, chilolezo n'kubwera pambuyo?

Maganizo amenewa aliko ngakhale ku America, kumene bungwe la EPA mu 2025 linanena kuti likufuna kulola makampani kuyamba mbali zina za zomangamanga chilolezo cha mpweya chisanatuluke. Kwa ife yankho lili ku Mufulira. Ng'anjo ya kumeneko inayamba ntchito mu 1937 yopanda zida zogwira mpweya wa salifa, ndipo anthu a m'komboni ya Kankoyo anapuma utsi umenewu, womwe amautcha senta, kwa mibadwo: malata kudyeka, utoto kusupuka m'makoma, ndiwo kukana kumera pakhomo. Ntchito yoika zida zosandutsa utsiwo kukhala asidi inadzatha mu 2014. Zida zotere zimafuna malo ake pa pulani, mapaipi ake ndi ndalama zake kuyambira pachiyambi. Simenti ikauma, anthu mazana atalembedwa kale ntchito, ndi ofisala uti angalimbe mtima kunena kuti gumulani? Chilolezo chobwera pamenepo ndi chidindo chabe.

Kwacha ilibe ng'anjo. Zikutikhudza pati?

N'zoona kuti ng'anjo ya Nkana mu Kitwe inazimitsidwa kampani ya KCM itatsegula yatsopano ku Nchanga mu 2008, ndipo Kitwe anapumako. Koma ya Chambishi, yomwe inayamba mu 2009, ili pafupi pa msewu wa ku Chingola. Fumbi la Black Mountain, mulu wa zinyalala za ng'anjo mu Kitwe, ndi la malole opita ku Kasumbalesa silifunsa malire a wadi. Pa 18 February 2025, damu la zinyalala za kampani ya Sino-Metals litaphulika ku Chambishi, asidi analowa mu mtsinje wa Mwambashi mpaka mu Kafue ndipo madzi a m'mipopi anatsekedwa mu Kitwe. Imeneyo inali nkhani ya madzi, koma bungwe lovomereza ndi lomwelo, ndipo inaonetsa kuti Chambishi si kutali.

Fakitale ikakhala ndi chilolezo, ndiye kuti mpweya uli bwino?

Apa ndiye pagona nkhani. Pa 31 December 2013, DC wa boma la Mufulira, mayi Beatrice Miti, anamwalira atapuma utsi wa ng'anjo ija, ya kampani ya Mopani. Malire analipo papepala, utsi unawapitirira. Banja linasuma, linapambana, ndipo mu 2020 khoti lalikulu kwambiri m'dziko linakweza chipepeso kufika K1 miliyoni. Ngati zinatenga zaka zoposa zisanu ndi chimodzi pa imfa ya DC, wogulitsa tomato pamsika angayembekezere zotani? Boma likafuna kutulutsa zilolezo msanga, liwonjezerenso oyendera mafakitale, liike makina oyeza m'makomboni, ndipo manambala azimatidwa poyera. Bungwe la WHO mu 2021 linaika mlingo wa mpweya wa salifa pa mamaikulogalamu 40 mu kiyubiki mita imodzi pa maola 24. Munthu wa ku Kwacha ayenera kudziwa ngati dzulo anapuma zochepera kapena zoposa pamenepo.

Munthu wamba angachitepo chiyani?

Lipoti la ntchito yaikulu limaikidwa poyera kuti anthu alembe ndemanga, ndipo nthawi zina pamaitanidwa msonkhano. Vuto n'lakuti limakhala buku lonenepa la Chingelezi cha mainjiniya, ndipo nthawi ikafupikitsidwa, choyamba kufinyidwa ndi masiku owerengera amenewa. Uzani khansala wanu akufunireni kope, kapena pitani ku ofesi ya ZEMA ku Ndola. Pamsonkhano, nkhani ya ntchito ikatha, funsani kuti mpweya anayeza miyezi iti, makina anawaika pati, ndiponso kuti malire akadzadumphidwa usiku mudzaimbira foni ndani. Mayankhowo alembedwe m'maminitsi. Lamulo la 2011 likuti aliyense wokhala m'Zambia ali ndi ufulu wokhala pamalo aukhondo ndi otetezeka, ndipo angathe kusuma kukhoti ufuluwo ukaopsezedwa, osadikira kuti wina ayambe wadwala.