PHUNZIRO LA MWEZI UNO: LAPUTOPU YAKALE ISATAYIDWE

Awerengi athu, makamaka inu aphunzitsi ndi alembi a mabungwe a m'midzi, phunziro la mwezi uno likunena za kompyuta ya m'manja, imene ambiri amaitcha laputopu. M'masukulu ena ndi m'nyumba zina muli malaputopu ogula kwa anthu amene anayamba awagwiritsa ntchito, kapena otumizidwa ndi abale a ku Joni ndi ku Ulaya. Ena mwa makinawa ayamba ulesi, ndipo eni ake aganiza kuti afa. Kawirikawiri makinawo ali bwino ndithu. Chimene chakalamba ndi pulogalamu yowayendetsa. Tsono tifuna kukuonetsani m'mene mungaikiremo ina yaulere yotchedwa Linux, popanda kutaya makalata ndi zithunzi zanu.

KAPITAO WA M'KOMPYUTA

M'kompyuta iliyonse muli pulogalamu imodzi yaikulu imene igwira ntchito monga kapitao wa pa esiteti. Iyo ndiyo iuza sikirini choti ionetse, imva mabatani pamene mulikulemba, isunga makalata anu m'malo mwake, ndi kugawira ntchito mapulogalamu ena onse. Pa Chingerezi amati operating system. Malaputopu ambiri kuno kwathu ali ndi kapitao wotchedwa Windows, wa kampani ya Microsoft ya ku America.

Pa 14 Okutobala 2025 kampaniyi inaleka kutumiza zokonza za masiku onse za Windows 10. Okhawo amene analembetsa padera anawonjezeredwa chaka chimodzi. Laputopu siizima chifukwa cha ichi ayi, koma ming'alu imene akuba a pa intaneti aipeza siimatidwanso. Windows 11, imene inalowa m'malo, ifuna makina atsopanoko, okhala ndi kachipangizo kotchedwa TPM 2.0, ndipo malaputopu ambiri akale sakwanira pa muyeso umenewo. Motero mwini laputopu yotere ali ndi njira zitatu: kugula ina, kukhala ndi khomo losatseka, kapena kusintha kapitao.

KODI LINUX NCHIYANI?

M'chaka cha 1991 Linus Torvalds, mnyamata wophunzira pa yunivesite ya Helsinki m'dziko la Finland, analemba mtima wa pulogalamu yoyendetsa kompyuta nauika poyera. Anthu ena anauphatikiza ndi mapulogalamu a GNU, ntchito imene Richard Stallman anaiyamba ku America mu 1983. Lamulo la mapulogalamu amenewa likuti munthu aliyense ali ndi ufulu wowakopera, kuona m'mene anapangidwira, kuwasintha ndi kugawira anzake. Chifukwa chake kupatsa mnzanu Linux si kuba. Ngati muli ndi foni ya Android, mwayamba kale kugwira Linux m'manja, pakuti mtima wa foniyo ndi womwewo.

Linux ilipo ya mitundu yambiri, monga umo chimanga chilili ndi mbewu zosiyanasiyana. Mtundu wina wotchuka ndi Ubuntu, umene unatuluka mu 2004 ndi ndalama za Mark Shuttleworth wa ku South Africa. Dzinali ndi la Chizulu ndi Chixhosa, ndipo ndi mawu omwe aja amene ife timati umunthu. Pa Ubuntu anamangapo mtundu wina wotchedwa Linux Mint, umene unayamba mu 2006. Maonekedwe ake afanana ndi Windows, kotero kuti munthu wozolowera Windows sasochera. Phunziro lino litsata Linux Mint.

YAMBANI MWAONA NGATI MAKINA ANU AKWANIRA

Linux Mint ifuna RAM yosachepera 2 GB, ngakhale iyenda bwino koposa pa 4 GB. Ifunanso malo osachepera 20 GB pa hard disk, imene ili nkhokwe ya m'kati mwa laputopu, ndiponso makina a mtundu wa 64-bit. Kuti mudziwe za laputopu yanu, tsegulani Settings mu Windows, kenaka System, kenaka About, ndipo zonsezi zalembedwa pamenepo, kupatula kukula kwa nkhokwe, kumene muona mu This PC. Linux Mint ili ndi maonekedwe atatu: Cinnamon, MATE ndi Xfce. Ngati makina anu ndi ofooka, sankhani Xfce, pakuti ndiyo yopepuka.

Dziwaninso ichi musanayambe. Mapulogalamu opangidwira Windows yokha, monga Microsoft Office ndi Photoshop, sayenda pa Linux monga ayendera pa Windows. Ngati ku ntchito kwanu anakupatsani pulogalamu yapadera yolembera ziwerengero kapena ndalama, funsani kaye amene anakupatsani. Ndipo ngati laputopuyo ndi ya sukulu kapena ya bungwe, pemphani chilolezo kwa mphunzitsi wamkulu kapena komiti. Safunsa anadya phula.

SAMUTSANI KATUNDU WANU

Munthu wofuna kumanganso nkhokwe ayamba watulutsa chimanga. Ichi ndicho chachikulu m'phunziro lonseli. Koperani makalata, zithunzi, nyimbo, malikisi a ana a sukulu ndi mabuku a ndalama za bungwe, muziike pa fulashi kapena pa hard disk yapadera. Mukatero, lowetsani fulashiyo mu kompyuta ina ndi kutsegula makalata angapo, kuti muone ndi maso anu kuti alowadi. Lembaninso papepala mawu achinsinsi a imelo ndi a Facebook, chifukwa laputopu imene inali kukukumbukirani idzawaiwala onse.

KUKONZA FULASHI

Mufunika fulashi yachiwiri, ya 8 GB, yopanda kanthu kofunika, pakuti zonse zili m'menemo zidzafafanizika. Pitani pa linuxmint.com ndi kutenga fayilo ya Linux Mint, imene dzina lake litha ndi zilembo iso. Musaitenge pamalo ena osadziwika. Fayiloyi ndi yaikulu, pafupifupi 3 GB, ndipo idya bandulo. Koma kutenga kamodzi nkokwanira: fulashi imodzi ikhoza kuzungulira masukulu onse a m'dera, ndipo aphunzitsi okumana ku TDC angathe kusonkherana.

Kungokopera fayiloyo pa fulashi, monga mukopera nyimbo, sikuthandiza. Pafunika kapulogalamu kaulere kotchedwa Etcher, kapena kena kotchedwa Rufus, kamene kasandutsa fulashi kukhala choyatsira kompyuta. Mu Etcher musankha fayilo ija, musankha fulashi yanu, ndi kudina Flash. Yang'anitsitsani kuti mwasankha fulashi yopanda kanthu ija, osati imene mwasungamo katundu wanu.

KUYESA MUSANAIKE

Zimitsani laputopu, lowetsani fulashi, ndipo poyatsanso dinani msangamsanga batani lotsegula mndandanda wa zoyatsira. Pa Dell ndi Lenovo kawirikawiri ndi F12, pa HP ndi F9, pa Asus ndi Esc. Pa mndandandawo sankhani fulashi yanu. Patapita kanthawi Linux Mint idzaoneka pa sikirini.

Pamenepa simunasinthe kanthu m'laputopu. Linux ilikuyenda kuchokera pa fulashi, ndipo mukaizula ndi kuyatsanso, Windows ibwerera monga kale. Ino ndiyo nthawi yoyesa. Kodi Wi-Fi ikugwira? Kodi mawu akumveka? Kodi mabatani onse akulemba? Ngati muli ndi pulinta, ilumikizeni muone ngati ikudinda. Musadabwe ikamachedwa pang'ono, chifukwa fulashi iyenda pang'onopang'ono kuposa hard disk. Kuona maso a nkhono nkudekha: yesani ngakhale masiku awiri musanapitirire.

KUIKA

Mukakhutira, onetsetsani kuti batire yadzaza ndipo chaja ili pamoto. Amene mugwiritsa ntchito sola, chitani ntchitoyi masana dzuwa lili pamutu. Laputopu ikazima ntchito ili pakati, ikhoza kutsala yopanda kapitao aliyense kufikira mutayambanso. Tsono tsegulani kachithunzi kolembedwa Install Linux Mint, ndipo idzakufunsani mafunso awa.

1. Chilankhulo. Sankhani English.

2. Mabatani. Yang'anani batani la 3 pa laputopu yanu. Ngati pali chizindikiro cha £, sankhani English UK. Ngati pali #, sankhani English US.

3. Multimedia codecs. Chongani, kuti nyimbo ndi mafilimu ziziseweredwa.

4. Malo oikapo. Apa ndipo pofunika kuwerenga kawiri. Mawu akuti Erase disk atanthauza kufafaniza zonse za m'laputopu, Windows pamodzi ndi makalata anu, ndipo sizibwezeka. Mawu akuti Install alongside atanthauza kuika Linux pambali pa Windows, kotero kuti poyatsa muzisankha imene mufuna. Ngati nkhokwe ili ndi malo, woyamba kumene asankhe yachiwiriyi. Koma ngati Windows inakhoma nkhokweyo ndi loko wotchedwa BitLocker, muyenera kuyamba mwamasula lokoyo mu Windows.

5. Kumene muli. Lembani Blantyre, kuti wotchi ikhale pa nthawi yathu.

6. Dzina lanu ndi mawu achinsinsi. Alembeni m'kope ndi kulisunga, pakuti Linux idzawafunsa nthawi iliyonse mufuna kuika pulogalamu yatsopano.

Mukayankha zonse, isiyeni igwire ntchito. Kawirikawiri siipitirira theka la ola. Ikatha idzakuuzani kuti muyatsenso ndi kuchotsa fulashi.

MUTATHA KUIKA

Pafupi ndi wotchi pali kachizindikiro konga chishango. Ameneyo ndiye Update Manager, amene abweretsa zokonza zomata ming'alu ija. Musamunyalanyaze. Linux Mint 22, imene inatuluka mu 2024, idzalandira zokonza kufikira 2029. Ngati Wi-Fi yakana, lumikizani foni yanu ndi chingwe, yatsani USB tethering pa foniyo, ndi kutsegula Driver Manager, amene afunafuna chosowacho. Tsegulaninso Timeshift, imene isunga chithunzi cha kapitao ali bwino, kuti zikadzasokonekera mudzabwerere pomwepo. Koma dziwani kuti Timeshift siisunga makalata anu. Amenewo pitirizani kuwakopera pa fulashi mwezi ndi mwezi.

Zolembera zabwera kale m'katimo. LibreOffice Writer ilowa m'malo mwa Word, Calc m'malo mwa Excel, ndipo zonsezi zitsegula makalata anu akale, ngakhale nthawi zina mizere isuntha pang'ono. Kalata yopita ku ofesi ya maphunziro ndi bwino kuitumiza ngati PDF, kuti ikafike monga munailembera. Ofuna kulemba chilembo ŵ mu Writer alembe 0175 ndi kudina Alt pamodzi ndi X. Mapulogalamu ena atengedwa mwaulere mu Software Manager. Aphunzitsi afunefune GCompris, imene ili ndi masewera ophunzitsa ana kuwerenga ndi masamu, ndiponso Kiwix, imene ilola kuwerenga Wikipedia popanda intaneti, mukatenga fayilo yake kamodzi.

ZOYENERA KUKUMBUKIRA

Samutsani katundu wanu poyamba. Yesani pa fulashi musanaike. Werengani kawiri musanasankhe Erase disk. Wotsata malangizo atatu amenewa sadzalira, ndipo laputopu imene inali kudya fumbi m'kabati idzalembanso mayeso a ana ndi mabuku a bungwe. Amene mwaphunzira, phunzitsani anzanu, ndipo fulashi ija muibwereketse ku sukulu yoyandikana nanu.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Kodi kapitao wa m'kompyuta agwira ntchito yanji?

2. Nchifukwa ninji pafunika mafulashi awiri?

3. Kodi Erase disk ndi Install alongside zisiyana bwanji?

4. Pa sukulu kapena bungwe lanu, ndani ayenera kupereka chilolezo, ndipo ndani adzasunga mawu achinsinsi?