Kandege kakamabwera, maso a woyendetsa ndinu

Alangizi a zaumoyo ndi anamwino a ku Namitambo, nkhani ya tindege ta drone musaiyese ya ku Lilongwe kokha. Idayambiradi kumeneko mu 2016, pomwe boma ndi UNICEF adayesa kunyamula magazi a makanda okayezedwa HIV pa kandege ka kampani ya Matternet. Mu 2017 adatsegula dera loyeserako tindegeti ku Kasungu, lotambalala makilomita 40 mbali zonse kuchokera pa bwalo la ndege. Kenaka kampani ya Swoop Aero ndi bungwe la VillageReach adafika nato kuno kummwera, n'kumaulutsa mankhwala, katemera ndi masampulo ku Nsanje ndi ku Chikwawa. Amene adaona momwe namondwe wa Freddy adadulira misewu m'boma la Chiradzulu mu 2023 safunsanso kuti ntchitoyi ndi yachiyani. Ikadzafika pa chipatala chanu adzasankha mmodzi kapena awiri oti azilandira katundu, ndipo malangizowa ndi a munthu ameneyo.

Kandegeko sikauluka kali duu. Ulendo wonse kamakhala kakuuza woyendetsa, amene ali pa kompyuta kutali, kuti kali pati, kakwera mamita angati, batire yatsala bwanji. Malo kamawadziwa ndi GPS. Uthenga umadutsa pa netiweki ya mafoni, ndipo tina tili ndi njira yachiwiri ya satellite ya m'malo omwe netiweki siifika. Tikakhala tingapo m'mwamba nthawi imodzi, kompyuta imasonkhanitsa mauthenga a tonse, kalikonse n'kukhala ndi njira ndi msinkhu wake kuti tisagundane. Kamodzi kakangoti zii, palibe amene amati mwina zonse zili bwino. Kamakhala kouzidwiratu chochita: kuzungulira podikira, kubwerera komwe kachokera, kapena kutera pamalo osankhidwiratu.

Chokhacho chimene sichidzinenera chokha ndi bwalo lanu loterapo. Woyendetsa saona mbuzi yomwe yamangidwa pamenepo. Akudalira inu.

Apa ndi pomwe ulemu wathu umatha kutipweteketsa. Tidazolowera kuti bwana akafunsa, yankho ndi "zili bwino bwana", ngakhale zisali bwino. Nanji mankhwala a malungo atatha mushelefu, odwala ali ndandanda pabenchi, mtima umafuna kuti kandegeko kangonyamuka basi. Koma ano ndi madera a chiperoni. Mu Juni ndi Julayi nkhungu imatha kutsika mmawa n'kuphimba chilichonse, pomwe kumene kuli woyendetsako dzuwa likuswa mtengo. Musamuuze maganizo anu, muuzeni zomwe mukuona: "Mtengo wa mango wa kuseri kwa bwalo sukuoneka, kukuwaza, zovala pachingwe zikuulukira kuchipatala." Jambulani chithunzi mutumize pa WhatsApp. Kunyamuka kapena kudikira asankhe yekha, ndi ntchito yake. Ulendo wochedwa ndi maola awiri sufanana ndi kandege kogwera m'munda wa nandolo ndi magazi a odwala.

Foni ya ntchitoyi izigona yodzaza. Magetsi akathima, sola ya pachipatala iyambe yatchaja iyo, za ena pambuyo. Ngati n'kotheka ikhale ndi malaini awiri, ya TNM ndi ya Airtel, ndipo mudziwiretu pomwe iliyonse imagwira bwino pabwalopo. Za bandulo mukambirane ndi a in-charge ntchito isanayambe, zilembedwe kuti azigula ndani, chifukwa mukangoyamba ndi ndalama ya m'thumba mwanu, mwayamba basi. Kuflasha si uthenga. Woyendetsa akaona kuti munayimba n'kudula sangadziwe ngati mukuti bwerani kapena musabwere.

Ana ndiwo adzakuvutitseni. Akangomva kulira kwa mapiko, sukulu yonse ili pabwalo. Kuwathamangitsa ndi kamtengo tsiku lomwelo n'kuchedwa. Pitani kwa amfumu ndi kwa ahedi ntchitoyi isanayambe, mufotokoze chomwe kandegeko kamanyamula ndi chomwe sikachita. Nkhani ya magazi ikamveka mwatheka pamudzi mukudziwa komwe imakathera. Inunso musakayandikire mapiko asanaime.

Mukatsegula bokosi, werengani katundu pomwepo, yerekezani ndi fomu, onani ngati katemera akadali wozizira, kenaka lembani uthenga wonena zomwe zafika ndi nthawi yake. "Ndalandira" yekha sakwanira. Mwalandira chiyani, zingati? Masampulo obwerera nawo akhale olembedwa kale, osati muyambe kufunafuna cholembera kandege kali pansi, chifukwa kakachedwa kwa inu kachedwanso ku chipatala chotsatira.

Tsiku lomwe mukupita kukachititsa sikelo kumidzi kapena kumaliro, musangosiya foni patebulo n'kunena kuti wina aone. Tchulani dzina la amene mwamusiyira, mumuuze pamaso, ndipo woyendetsa alandire dzinalo ndi nambala yake musananyamuke. Achimwene a njinga yamoto a Riders for Health, amene akhala akunyamula masampulo zaka zonsezi, nawonso auzidwe zomwe zapita kale pa kandege, asawononge mafuta kudzatenga bokosi lopanda kanthu.