Kutenga madzi a pamjigo kukawayezetsa

Mjigo ukhoza kutulutsa madzi oyera mbee, ozizira bwino, koma muli tizilombo totsekula m'mimba. Maso sangaone zimenezi. Choncho inu a komiti ya mjigo ku Edingeni ndi midzi yozungulira, mvula yoyamba ikagwa n'kukokolola zonyansa za m'mudzi, yezetsani madzi anu.

Yambani mwaonana ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena a ofesi ya zamadzi ku boma la Mzimba. Iwowo akulumikizani ndi labotale yoyeza madzi ku Mzuzu, ndipo botolo lichokere komweko lili lotseka. La Fanta lotsuka kunyumba ayi, chifukwa tizilombo take tidzanamiziridwa mjigo.

Konzani mayendedwe musanatunge. Apa m'pamene pagona nkhani kwa ife akutali ndi Mzuzu: madziwo ayenera kufika pasanathe maola 6, ndipo akapitirira maola 24 zotsatira zake n'zosadalirika. Sankhani tsiku la kumayambiriro kwa sabata, mulawirire.

Pamjigopo sambani m'manja ndi sopo. Wina apope mphindi 5 kuti madzi ogona m'mapaipi achoke. Pukutani kukamwa kwa mpopi, muwauleko ndi thonje lonyika mu sipiriti, kenaka mupopenso pang'ono. Tsopano tsekulani botolo. Chivindikiro musachiike pansi, chigwireni kukamwa kwake kutaloza pansi, ndipo chala chisakhudze m'kati. Musadzazitse, siyani mpata wa zala ziwiri. Lembanipo dzina la mudzi, tsiku ndi nthawi, muliike m'bokosi la ayezi. Madziwo azizire koma asaume.

Ndikupemphani mutengenso botolo lachiwiri kuchokera mu ndowa ya panyumba ina. Nthawi zambiri mjigo umakhala wabwino, madzi n'kuipira m'njira: zala m'mbali mwa ndowa, masamba oikamo kuti asatayike, kapu imodzi yotungira aliyense.

Zotsatira zikabwera, yang'anani mzere wa tizilombo ta E. coli. Malinga ndi bungwe la WHO, m'mamililita 100 musapezeke ngakhale kamodzi. Tikapezeka, zungulirani mjigo: kodi simenti yang'aluka? Madzi akudikha pafupi? Pali chimbudzi kapena khola la ng'ombe pasanakwane mamita 30, makamaka kumtunda? Konzani zimenezo, mjigo uthiridwe klorini mothandizidwa ndi alangizi, muyezetsenso. Podikira, mabanja aziwiritsa madzi akumwa, kapena kuthira klorini n'kudikira mphindi 30 asanamwe.