Zilembo zobisala m'manambala a foni

Anzanga a Computer Studies, tamverani izi. Polemba manambala a makolo pa kompyuta, ena amatayipa chilembo O m'malo mwa 0, kapena l m'malo mwa 1. Ndi maso simungazione, koma uthenga wa fizi sukafika kwa amayi ku Chinsapo.

Mu Python ambirife timathamangira kulemba:

if "O" or "l" in nambala:

Ayi ndithu! Python imatenga "O" payekha ngati True, ndiye nambala iliyonse, ngakhale yabwinobwino ya 099 kapena 088, imagwidwa ngati yolakwika.

Lembani chonchi:

if any(c in nambala for c in "OoIl"):

Apa imatenga chilembo chimodzichimodzi n'kuchisaka m'nambalamo. Ikangopeza chimodzi, basi, imayankha True n'kulekera pomwepo. Kuti mugwirenso S wolowa m'malo mwa 5, ingolembani "OoIlS".